Nkhawa ili ndi makomo amene imakonda kugogoda

M'chaka cha 2008, atsikana ena a m'boma la Zomba anayamba kulandira ndalama mwezi ndi mwezi. Zinali zochepa ndithu: mtsikana ankapatsidwa pakati pa dola imodzi ndi madola 5, makolo ake pakati pa madola 4 ndi 10. Amene anakonza ntchitoyi ankafuna kuona ngati kandalama kotere kangathandize atsikana a zaka 13 mpaka 22 kukhalabe pasukulu, kuchedwa kukwatiwa ndi kupewa kachilombo ka HIV. Koma pamndandanda wa mafunso awo panalinso ena a mtundu wina. Kodi ukumasowa tulo chifukwa cha maganizo? Kodi umadziona ngati munthu wopanda pake? Kodi zimene umachita tsiku ndi tsiku zimakusangalatsa?

Zimene Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anapeza, n'kuzifalitsa mu 2013, zinafunika kukambidwa m'Nyumba ya Malamulo. Atsikana apasukulu amene ankalandira ndalama anali ndi mavuto a m'maganizo ocheperapo poyerekeza ndi anzawo a m'madera osalandira. Opepukidwa kwambiri anali amene ankangopatsidwa popanda chowalamula. Kumene ndalama zinkaperekedwa pokhapokha mwana akamapita kusukulu kunaoneka chinthu chodabwitsa: gawo la makolo likamakula, nkhawa ya mwana nayo inkakula. N'zomveka. Mtsikana wa zaka 14 akadziwa kuti akajomba masiku angapo ndiye kuti kunyumba agona ndi njala, wasenza kale udindo wa akuluakulu. Ndipo ndalama zija zitasiya kubwera kumapeto kwa 2009, kupepukidwa kuja sikunachedwe kuzimiririka.

Palibe amene anamwa mankhwala, palibe amene anakhala pansi ndi mlangizi. Chinasintha ndi m'thumba basi.

M'midzi ndi m'matauni muno, matenda a nkhawa ndi ovutika maganizo amafotokozedwa mwachidule: munthuyo ndi wofooka mtima, sapemphera mokwanira, kapena alipo wamulodza. Ena amati ndi matenda a anthu okhuta amene asowa chochita. Umboni wa zaka zoposa 40, wochokera ku London, Harare, Thyolo ndi Mangochi, ukunena zina. Matendawa angagwire wina aliyense, inde, koma sagwira anthu mofanana. Amalondola umphawi, ngongole, nkhanza za m'banja, ubwana wowawa ndi kusowa womuuza zakukhosi. Ndiye kuti amene amalemba bajeti ya dziko, mfumu imene imaweruza mlandu wa munda wa mkazi wamasiye, ndi nkhoswe imene imabwezera mkazi womenyedwa kwa mwamuna wake, onsewa ali ndi dzanja pa thanzi la m'maganizo la anthu, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Nkhani pano si ya chisoni cha pamaliro kapena mantha a tsiku la mayeso, zimene munthu aliyense amadutsamo. Ndi ya kukhumudwa kumene kumakhala masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, munthu osamva kukoma kwa chakudya, osagona, osaona chifukwa chodzukira. Ndi ya nkhawa yosaleka kwa miyezi, mtima ukuthamanga, thukuta lili kamukamu, popanda chimene chikumuthamangitsa. Kuchipatala anthu otere sanena kuti akhumudwa. Amati mutu ukuwawa, thupi lonse likuphwanya, BP yakwera, "ndikungoganiza kwambiri". Ambiri amabwerera ndi panado.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 301 miliyoni anali ndi matenda a nkhawa, ndipo 280 miliyoni anali ndi matenda ovutika maganizo. M'chaka choyamba cha Covid-19 ziwerengerozi zinakwera ndi pafupifupi 25 peresenti. Chibadwa cha anthu sichinasinthe m'miyezi 12. Ntchito ndi zimene zinatha, masukulu anatsekedwa, anthu anaika abale awo m'manda popanda kukhuza maliro.

Pa zonse zimene zimaika munthu pachiopsezo, umphawi ndiwo uli patsogolo. Mu 2020, Matthew Ridley, Gautam Rao, Frank Schilbach ndi Vikram Patel anasonkhanitsa umboni wa m'mayiko ambiri m'magazini ya Science, ndipo anaonetsa kuti anthu opeza zochepa kwambiri m'dera amadwala matendawa kuwirikiza kamodzi ndi theka mpaka katatu kuposa olemera a m'dera lomwelo. Koma nambala yokha siionetsa mmene umphawi umalowera m'mutu mwa munthu. Wofuna kuziona apite pa banki m'khonde tsiku lobweza ngongole.

Azimayi amakhala bwalo pamkeka, mbale ya ndalama ili pakati, mlembi ali ndi kope pamwendo. Dzina lililonse limaitanidwa mokweza. Mayi amene tomato wake anavundira pamsika, kapena amene anadya mpamba pogulira mwana mankhwala, amadziwa sabata yonse kuti dzina lake likadzatchulidwa adzayang'ana pansi. Kuti apewe manyazi amathamangira kwa wakatapila, amene mwina afuna K15,000 pa K10,000 iliyonse mwezi ukatha. Mwezi wotsatira ngongole zili ziwiri. Kenako gulu limabwera kudzanyamula mapoto, matiresi, ena mpaka kusasula malata, mudzi wonse ukuonerera. Banki m'khonde yatukula mabanja ambiri, zimenezo palibe angatsutse. Koma akatswiri anapeza kalekale kuti mavuto amene amagwetsa munthu m'matenda ovutika maganizo kuposa ena onse ndi aja omuchotsera ulemu pamaso pa anthu, ndi aja omutsekera mkati osaona potulukira. Ngongole ya pamudzi ili nazo zonse ziwiri.

Ndipo zaka zapitazi sizinapatse anthu mpata wopumira. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pakati pa ziwirizi, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi kuchigwa cha Shire. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Amene anapulumuka matope a m'phiri la Soche analandira mabulangete ndi ufa. Koma munthu amene anamva phiri likubangula usiku sagonanso chimodzimodzi mvula ikayamba kugunda malata.

Choipa n'chakuti matendawa nawo amabala umphawi. Wovutika maganizo sadzuka kupita ku ganyu, amabzala mochedwa, geni imamugwera m'manja. Apabanja amati ndi ulesi, ndipo mawu amenewo amangomukankhira pansi. N'chifukwa chake zotsatira za Mtukula Pakhomo, ndondomeko yopereka ndalama kwa mabanja osauka imene inayambira ku Mchinji mu 2006, n'zofunika kuziganizira bwino. Kafukufuku wa ku Salima ndi Mangochi, wofalitsidwa mu 2019, anapeza kuti achinyamata a m'mabanja olandira ndalamazi anali ndi zizindikiro zochepa za kuvutika maganizo, makamaka atsikana. Amene amanyoza Mtukula Pakhomo kuti imaphunzitsa anthu kupemphetsa sanawerengere mbali imeneyi.

Khomo lachiwiri limene matendawa amagogoda ndi la azimayi. WHO imati matenda ovutika maganizo amapezeka mwa akazi kuposa amuna ndi pafupifupi 50 peresenti, ndipo nkhawa nayo imachulukira kwa akazi. Kusintha kwa m'thupi pa nthawi ya pakati ndi pambuyo pobereka kuli ndi mbali yake. Koma mu 1978, George Brown ndi Tirril Harris, atacheza ndi azimayi mazanamazana ku Camberwell mumzinda wa London, anaonetsa kuti vuto lalikulu likagwa, si onse amene amadwala. Amene ankagwa msanga anali amene analibe munthu wapamtima womuuza zakukhosi, amene mayi awo anamwalira iwo asanakwane zaka 11, amene anali ndi ana atatu kapena kuposa osakwana zaka 14 pakhomo, ndi amene sankagwira ntchito kunja kwa nyumba. Mayi wa ku Ntchisi kapena ku Chikwawa atamva mndandanda umenewu angafunse kuti anthuwa anamuonera kuti.

M'zaka za m'ma 1990, Melanie Abas ndi Jeremy Broadhead anagwiritsa ntchito njira yomweyo pakati pa azimayi a m'dera lina la anthu wamba ku Harare. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali atadwalapo nkhawa kapena kuvutika maganizo m'chaka chimodzi chokha. Azimayi a ku Harare sanali ofooka kuposa a ku London. Mavuto aakulu, monga imfa ndi kunyozeka m'banja, ndiwo ankawagwera pafupipafupi.

Kuno kwathu, Robert Stewart ndi anzake anafunsa amayi obwera ndi makanda kusikelo pachipatala cha Thyolo. Amene anapezeka ndi mavuto a m'maganizo anali makamaka osauka, opanda mwamuna kapena mbale womuuza zakukhosi, ndi amene mwana wawo anali atangodwala. Ana a amayi oterewa analinso opinimbirako poyerekeza ndi anzawo. Ku Mangochi, gulu lomwelo linapeza kuti pafupifupi mayi woyembekezera mmodzi mwa 10 aliwonse anali ndi matenda aakulu ovutika maganizo, ndipo zimenezi zinkayendera limodzi ndi kusowa owathandiza ndi nkhanza za mwamuna.

Nkhanzazo si zapatalipatali. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti akazi 42 mwa 100 aliwonse amene anakwatiwapo anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa ndi mawu. Nambala yomweyo, 42 mwa 100, inali ya akazi a zaka 20 mpaka 24 amene anakwatiwa asanakwane zaka 18. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Koma mtsikana wa zaka 16 amene wapita kuchitengwa, kutali ndi amayi ake, wasiya sukulu, ali ndi mwana kumbuyo ndi apongozi omuwerengera nkhuni, ali pachiopsezo pafupifupi mbali zonse. Akathawira kwa ankhoswe amauzidwa mawu amene akazi onse a dziko lino amawadziwa: "Banja ndi kupirira, mwanawe, bwerera."

Pasikelo pomwe mayiyu amafika mwezi ndi mwezi, zonse zimayang'ana mwana. Amamuveka kabudula wa nsalu, amamukoleka, mlangizi wa zaumoyo amawerenga muvi n'kulemba m'kabuku, katemera amaperekedwa, mzere umasuntha. Mwana akapanda kukwera sikelo, mayi amafunsidwa pamaso pa anzake kuti akumudyetsa chiyani. Iyeyo mwini kawirikawiri safunsidwa ngati akugona, ngati akudya, ngati kunyumba kuli mtendere. Alangiziwo si ouma mtima. Mzere ndi wautali, ndipo funso limenelo mulibe m'kabuku.

Nanga amuna? Apa ziwerengero zimasokoneza. Akazi ndiwo amapezeka kwambiri ndi matendawa, koma malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, ndipo zifukwa zotchulidwa kawirikawiri ndi ngongole ndi mikangano ya m'banja. Karsten Paul ndi Klaus Moser, atasanthula kafukufuku wambiri mu 2009, anapeza kuti anthu 34 mwa 100 osowa ntchito anali ndi mavuto a m'maganizo, poyerekeza ndi 16 mwa 100 apantchito, ndipo ulova unkapweteka kwambiri amuna. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo ulemu wake wonse umapachikidwa pa thumba la ufa limene amabweretsa pakhomo. Ufawo ukasowa, alibe mawu ofotokozera zimene zikumuchitikira. Zimatulukira ku kachasu, ku ukali, ku kubetcha pafoni mpaka usiku. Mkamwini amene akukhala pamudzi wa mkazi wake, munda si wake, ana ndi a kuchikazi, abale ake ali kutali, angakhale pakati pa anthu ambiri koma wopanda womuuza kanthu. Ndipo lamulo la dziko lino lakhala likuwerengera kuyesa kudzipha ngati mlandu, zimene zimaphunzitsa banja kubisa m'malo mothamangira kuchipatala.

Ena amathawira ku Joni. Anyamata a ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amakhala ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, ambiri opanda mapepala, akuopa apolisi, akukumbukira zipolowe zothamangitsa alendo za 2008, 2015 ndi 2019, foni ikulira kuchokera kumudzi kuti fizi yakwana. Kumudziko mkazi akulera yekha, osadziwa ngati akadali pabanja.

Ambiri mwa mavutowa amabzalidwa munthu ali wamng'ono. Akatswiri amati pafupifupi theka la matenda a m'maganizo limayamba munthu asanapitirire zaka 14, ndipo WHO imati mmodzi mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto lotere. Kwa dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu ake 17.5 miliyoni ndi osakwana zaka 18, imeneyi si nkhani yapambali. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 ndi mnyamata mmodzi mwa 7 anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, ndipo anyamata pafupifupi awiri mwa atatu anamenyedwapo mwankhanza. Mwana amene wakula akumvetsera mapazi a bambo ake usiku kuti adziwe ngati abwera ataledzera amaphunzira kukhala tcheru nthawi zonse. Thupi silisiya msanga chizolowezi chimenecho, ngakhale atakula n'kupeza ntchito yabwino ku Area 47.

Kumapeto ena a moyo kuli agogo olera zidzukulu zamasiye ndi mphamvu zotha, amasiye olandidwa katundu ngakhale lamulo la 2011 limaletsa, ndi okalamba onamiziridwa ufiti. Mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno mphenzi itapha mtsikana wa pamudzipo. Nkhalamba iliyonse yokhala yokha imene inamva nkhaniyo inadziwa tanthauzo lake. Anthu amene ali ndi HIV, pafupifupi 1 miliyoni m'dziko muno, nawonso amavutika maganizo kuposa anzawo, ndipo wovutika maganizo sachedwa kusiya kumwa ma ARV.

Wina angatsutse kuti ngati zili choncho, bwenzi osauka onse akudwala ndipo olemera onse ali pamtendere. N'zoona kuti sizili choncho. Kukhala pachiopsezo sikutanthauza kuti munthu adwala basi. Pali za kumtundu, makamaka pa matenda aja amene munthu amasinthasintha pakati pa kusangalala mopitirira ndi kukhumudwa kwambiri. Amenewo sayang'ana kwenikweni m'thumba, ndipo amafuna mankhwala a kuchipatala kwa nthawi yaitali. Alipo abwana a maofesi amene akuvutika mwakachetechete. Ndipo osauka ambiri sadwala, chifukwa ali ndi mlongo wowamvera, gulu la amayi a mvano, kwaya, anzawo a pabawo. Koma mfundo imeneyi ikungotsimikiza zomwe zija: chimene chimateteza munthu nachonso chili m'makhalidwe a anthu omuzungulira. Mpingo umene umamvetsera umachiritsa. Umene umauza wodwala kuti chikhulupiriro chake n'chochepa umamuwonjezera manyazi pa matenda.

Chithandizo cha akatswiri n'chochepa ndipo chili kutali: chipatala cha Zomba Mental, gawo la odwala maganizo ku Bwaila mu Lilongwe, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Dziko linayendera lamulo la atsamunda la 1948 lokhudza matenda a m'maganizo kwa zaka zoposa 70. Ndipo anthu amaona zipatalazi ngati za amisala, moti mayi wosowa tulo chifukwa cha ngongole sangaganize n'komwe zopitako. Atafuna, ya basi aitenga kuti?

Funso limeneli ndi limene linavutitsa Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a m'maganizo ku Zimbabwe. Wodwala wake wina anadzipha kumudzi chifukwa banja linalibe ndalama ya basi yobwerera ku Harare. Mu 2006 Chibanda anayamba kuphunzitsa agogo aakazi 14 ku Mbare kuti azikhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu, ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulithetsa. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa pa anthu 573 m'zipatala 24, ndipo zotsatira zinatuluka m'magazini ya JAMA mu 2016. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pabenchi 14 mwa 100 okha anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pomwe mwa olandira chithandizo cha masiku onse anali 50 mwa 100. Omaliza zokambiranazo ankalowa m'magulu momwe ena ankaluka zikwama za mapulasitiki akale n'kumagulitsa, choncho womvetsera ndi kandalama ankazipeza malo amodzi. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za ku Malawi, kuphatikizapo pakati pa amayi oyembekezera amene ali ndi HIV.

Agogo omvetsera dziko lino lili nawo ambiri, ndipo mabenchi si odula. Chovuta ndi mbali imene ili kunja kwa Unduna wa Zaumoyo. Mtukula Pakhomo ikachedwa miyezi, banja limabwerera kwa wakatapila, ndipo zimene ndalamazo zinakonza m'maganizo zimagumuka. Mtsikana wochotsedwa m'banja la ubwana akasowa fizi ya ku sekondale amabwerera komwe anachoka. Kuwonjezera mafunso awiri kapena atatu m'kabuku ka kusikelo n'kotheka chaka chino chomwe, ndipo mlangizi angawafunse m'mphindi zochepa. Koma mayi akayankha kuti sakugona chifukwa amamenyedwa, pafunika pomutumiza: ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa imene ili ndi munthu pa desiki ndi mafuta a galimoto, khothi limene silimuyendetsa miyezi isanu, ndi malo oti agone usiku umenewo pamodzi ndi ana ake.